Mawu a Pensulo M'mphepete mwa Kaundula

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mkulu wa mpingo wathu nditangomaliza Fomu 4. Inali yolemba za nyengo pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Malomo. Tsiku lililonse 8 koloko m'mawa ndinkatsegula bokosi loyera la timipata, n'kuwerenga choyezera kutentha, nambala ya pamwamba ndi ya pansi. Ndikalemba m'kaundula, ndinkabweza timizere take ndi maginito. A kapitawo ankati, "Diso pa mzere, osalota." Sindinalotepo nambala, ngakhale Lamulungu.

Bokosilo linali pa bwalo la miyala, pafupi ndi shedi ya malata. Chaka chachiwiri anafuna kukulitsa shediyo, ndiye ine ndi a kapitawo tinalizula n'kukaliimika kumtunda, m'mbali mwa nkhalango, pamalo pa kamphepo. Manambala anatsika sabata yomweyo. Ndinalemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba kuti bokosi lasunthidwa.

Patapita miyezi kunabwera bambo wina wogulitsa mbewu, n'kubwereka kaundula. Pa msonkhano wa alimi anapachika chipepala chachikulu, mzere wa manambala ukutsetsereka.

"Akukunamizani kuti dziko likutentha," anatero. "Kwanu kuno kukuzizira, nyengo sinasokonekere. Musathamangire mbewu zocha msanga. Manambalawa walemba ndi mwana wanu yemweyu."

Anthu onse anandicheukira. Nambala iliyonse inali yanga, yoona, koma mawu a pensulo aja panalibe. Nditati ndiimirire, a kapitawo anandikoka mkono.

"Ameneyu ndi mlendo wa bwana. Ntchito ukuifuna?"

Ndinakhala pansi. Ndinachita mantha, ndisabise.

Bambo anga anali m'gulumo, akumwetulira. Titafika kunyumba ndinawafotokozera za bokosi, iwo n'kungoseka. "Usamadzichepetse, mwana iwe. Munthu wophunzira uja wakuyamikira pagulu." Anabzala munda wonse mbewu yochedwa kucha. Mvula inadula chimanga chikungomasula kumene, dzuwa n'kumalizitsa zotsalazo.

Mpaka lero ndimalemba za nyengo. Pamwamba pa tsamba lililonse ndimayamba ndi kulemba pomwe bokosi laima, ndi bolopeni, ndipo kaundula sindibwereketsa popanda kupita nawo ndekha.

Bambo sanandidzudzulepo. Tsiku lokolola chaka chimenecho anatola kachitsononkho kopanda njere, n'kukatembenuza m'manja nthawi yaitali. Kenako anandifunsa chapansipansi, "Koma iweyo unalemba bwino, eti?"