Chisanu Chimene Anti Esinati Anathawira Kwathu

Ndikamva fungo la jiki ndimakumbukira manja a anti Esinati, otuwa, ong'aluka, zikhadabo zodyeka. Anabwera kwathu ku Leeds m'nyengo yachisanu, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anga, omwe anali namwino, anawapeza pamalo okwerera basi m'mawa wina, atavala masilipasi pachipale chofewa, thumba la zinyalala lili m'manja. Antiwo anatuluka nalo m'nyumba yomwe ankakhala ngati akukataya, osabwereranso.

Ankagona pabedi langa, ine pamatiresi pansi. Mapaipi a hita akalira ankadzidzimuka. Sankakhala pampando asanauzidwe, ndipo ankadya choimirira pafupi ndi sinki, mothamanga. Kenako ndinamva amayi akuuza abambo kuti banja lina la mumpingo mwathu linawatenga ku Ntcheu powalonjeza sukulu. Atangofika anawalanda pasipoti. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankachapa, kuphika ndi kulera ana, kugona kwake m'galaja.

Lamlungu lina masana banja lija linagogoda pakhomo pathu. Bamboyo anali m'suti yomwe ankalalikira nayo, mayiyo atanyamula mbale ya mandasi. Anti Esinati atamva mawu awo anakhala pansi kuseri kwa chitseko cha bafa, atandifinya dzanja mpaka kuwawa.

"Tadzatenga mtsikana wathu," anatero mayiyo. "Mutu wake sukoka bwino. Apolisi akamupeza amubweza kumudzi."

"Pasipoti yake mwabwera nayo?" anafunsa amayi anga. Bamboyo anayang'ana mkazi wake, amayi n'kupitiriza: "Ndiye mukaipereke kupolisi. Ife tinapitako kale Lachinayi."

Masabata otsatira foni sinkapuma. Akuluakulu a mpingo ankati nkhani yapachiweniweni tisaitengere kwa azungu, tichititsa manyazi Amalawi onse. Ena ankati mtsikanayo ndi wosayamika, anakwera ndege mwaulere. Palibe anafunsa kuti wadzuka bwanji. Tinasiya kupita kutchalitchiko. Chisanu chikutha, bungwe lina lothandiza anthu ozunzidwa linawapezera anti Esinati malo mumzinda wina, ndipo anachoka atavala jasi ya amayi, pasipoti yatsopano ikuyembekezeka.

Nthawi imeneyo ndinkakwiyira anti Esinati chifukwa anandilekanitsa ndi anzanga a Sande sukulu. Lero ndimakumbukira kuti kunyumba ya banja lija tinkadyako kawirikawiri pambuyo pa mapemphero, mpingo wonse. Munthu amene ankalandira mbale zakuda pakhomo la khitchini tonse tinkamuona, koma palibe ndi mmodzi yemwe anamufunsa dzina.