Difu ya Mtunda wa Kwathu

Achimwene anga ali ndi pikapu yoyera, yakalekale, ya magiya apamanja. M'mudzi mwathu, m'mbali mwa phiri la Michesi, ndiyo yokha inkafika. Inkatsitsa nandolo ndi tomato kupita ku Migowi, ndipo mwezi ndi mwezi inkanyamula amayi kupita nawo kuchipatala kukayezetsa shuga. Amayi miyendo inali itatupa kale, ngakhale pachitsime sankafika. Ine ndinkakhala nawo banja langa litatha, ndiye za galimotoyo ndinkazidziwa ngati za mwana wobereka ndekha.

Chaka chimene napolo anatsika, msewu wathu unapita. Sindikunena kuti unawonongeka ayi, unapita. Pamene panali kamlatho panatsala chigwembe chodzaza miyala. Amuna a m'mudzi anasema njira ina ndi makasu, yolambalala chigwembecho, koma inadzera pamtunda woipa zedi. Pikapu ija ikafika pakati inkabuula, kunjenjemera, kenako zii. Kilatchi inkanunkha ngati mphira wopsa. Tinkatsika tonse, kupinga matayala ndi miyala, n'kumakankha. Tsiku lina amayi ali kutsogolo galimoto inayamba kubwerera chambuyo, ine ndinakuwa mpaka mawu anandithera. Tsiku limenelo achimwene anakafikitsa amayi kunyumba atawabereka kumsana.

Apo n'kuti anthu atayamba kale kusamuka. A boma ankabwera kudzatiuza kuti phirilo silinathane nafe, titsikire kuchigwa. Amayi anakana kwamtuwagalu. Ankaloza nkhalango ya kumanda kuseri kwa nyumba, n'kunena m'Chilomwe kuti amayi awo ali mmenemo, ana awo awiri ali mmenemo, iwo apite kuti? Ndiye nkhani inali imodzi basi: galimoto ikalephera mtundawo, amayi achoke pakhomo pawo, afune asafune.

Achimwene si munthu wolankhulalankhula. Madzulo ena anagona chagada pansi pa pikapu nthawi yaitali, kenako anandiitana. Anandionetsa chimphika chachitsulo chimene chili pakati pa matayala akumbuyo.

"Chemwali, iyi ndi difu. Muno muli magiya awiri, lina lalikulu ngati mbale, lina laling'ono ngati chitsononkho. Laling'onoli lizungulire kangapo kuti lalikulu lizungulire kamodzi. Ndikapeza ena oti lalikulu likhale ndi mano ambiri, injini izizungulira kwambiri matayala akuyenda pang'ono. Izikoka ngati ng'ombe."

"Nanga liwiro?" ndinafunsa.

"Liwiro lipita."

"Aaa, achimwene, galimoto yopanda liwiro akwera ndani? Mukufuna kudya miyala ya m'phirimu?"

Achimwene anagulitsa mbuzi zawo, anakwera basi ya ku Limbe, n'kukazungulira kumene amaphwasula magalimoto akufa. Anabwerako ndi magiya awiri okulunga m'thumba la feteleza, akuda bii ndi oyilo.

Ntchitoyo anaigwirira pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi mnzawo wina, makaniko wa ku Migowi. Galimotoyo anaikweza pajeke ndi pazitsa, anakhuthulira oyilo wonunkha m'beseni langa lochapira osandipempha n'komwe, anasolola zitsulo za matayala n'kutulutsa difu yonse. Ndinkaganiza kuti ndi kungochotsa ichi n'kuika icho. Ayi ndithu. Mano a magiya atsopanowo amayenera kulumana pakatikati penipeni, apo ayi amalira n'kudyana okhaokha. Utoto woonera zimenezo analibe, ndiye anatenga polishi wanga wofiira wa m'nyumba. Ankapaka pamano, kuzunguza ndi manja, kuyang'ana pamene polishi wafufutika, kumasulanso, kuwonjezera kachitsulo kopyapyala ngati pepala, kumanganso. Masiku anapita akuchita zomwezo. Ine ndinkalalata za polishi wanga, amayi ali pamkeka akungoyang'ana mwana wawo ngati akuwamangira nyumba.

Tsiku loyesa tinakweza matumba a chimanga kuchigwa, ine ndinakhala pamwamba pake nditagwira mtima. Tinafika pamalo paja inkazimira. Sinazime. Inangolira mokweza n'kumakwera pang'onopang'ono, mwala ndi mwala, mpaka pakhomo. Ndinalira, sindibisa. Amayi anaombera m'manja n'kuseka mpaka kutsokomola. Sindinawaonenso akuseka choncho.

Koma kunsi, pamsewu wa tala, zinali zamanyazi. Ngakhale pagiya lomaliza injini inkakuwa ngati ikuphedwa, muvi wa liwiro ukunama kuti tikuuluka, pamene njinga zamoto zikutipitirira anyamata ake akutibayibitsa. Pasiteji anaipatsa dzina loti thirakitala. Mafuta inkamwa ngati yabooka. Azimayi a geni amene ankailimbirana kale anayamba kunena kuti akafika kumsika anzawo atagulitsa kale, ndipo mmodzimmodzi anaisiya. Sindiwada, inenso ndikanatero.

Ntchito imene inatsala ndi imene imandiwawa mpaka lero. Banja lililonse losamuka linkafuna galimoto yoti ikwere kukatenga malata, zitseko ndi mabedi. Ndani wina akanakwera? Achimwene ankapita, kudikira eniake asasule denga, n'kutsika nalo. Sabata ino nyumba ya kumtunda kwathu, sabata inayo ya kuseri. Ngakhale mabenchi a tchalitchi anatsika pa pikapu yomweyo. Achimwene ndinawauza maso ndi maso kuti, "Munati mukukonza galimoto kuti tikhale, taonani mwasesa mudzi wonse!" Anangoti anthuwo akanasamukabe, bola katundu wawo asasweke pamutu. Zoona zake zinali zomwezo, n'chifukwa chake zinandikwiyitsa kwambiri.

Tinatsala nyumba zowerengeka. Kenako mvula ina inagwa masiku otsatizana osakata, ndipo m'mawa wina tinapeza nthaka ya kuseri kwa khitchini itang'ambika, mng'alu wolowa mkono wonse. Madzi ankatuluka pansi pa maziko. Achimwene anayang'ana mng'aluwo, anayang'ana phiri, analowa m'nyumba n'kunyamula amayi ngati mwana. Amayi anagwira chitseko ndi manja awiri. Ndine ndinawamasula zala. Anatitukwana m'Chilomwe njira yonse, galimoto ikutsika bwinobwino osaterereka n'komwe.

Tinapeza kachipinda ka lendi pafupi ndi Migowi. Chipatala chinali pafupi tsopano, mankhwala sankasowa, koma amayi anasiya kudya bwino, ndipo sanalankhulenso ndi achimwene. Achimwene akalowa kudzawaona, amayi ankatembenukira kukhoma. Anamwalira chilimwe chisanathe.

Titakhala pansi kukambirana za maliro, panalibe wokamba zina. Kwathu munthu amagona pamene pagona amayi ake. Bokosi tinalimanga ndi zingwe kumbuyo kwa pikapu, azimayi tinakhala mozungulira tikuimba. Inakwera mtunda uja osapuma, osakankhidwa, mano aja akulumana bwinobwino monga anawakonzera. Tinadutsa pakati pa nyumba zopanda madenga mpaka pankhalango.

Kuyambira pamenepo anthu onse a kwathu amene anabalalika kuchigwa akudziwa koti apite zikachitika. Minda anaisiya, nyumba anazisiya, koma manda sasamuka. Pikapu imakhala masabata ili pakhomo nkhuku zikugona pansi pake, kenako foni imalira, achimwene amathira mafuta pang'ono n'kukwera ndi bokosi. Anamfedwa ambiri ndi abale athu omwe, ndiye sawauza mtengo. Apasiteji anasiya kuitchula thirakitala. Ikadutsa amavula zipewa.

Magiya akale aja alipo, m'thumba lomwe lija la feteleza, pansi pa bedi. Mwezi wathawu ndinawatulutsa n'kuwaponya pamapazi pawo. Ndinati, "Achimwene, amayi anapita, mudzi unapita, ana anu akugona ndi njala. Bwezeranimoni awa, galimoto ithamange pamsewu ngati zinzake, mupeze podyera!"

Anawayang'ana nthawi yaitali. Anatola laling'ono lija, kulipukuta ndi malaya, n'kulibwezera m'thumba.

"Nanga inuyo, chemwali, tsiku lanu likadzafika adzakukwezani ndani?"

Thumbalo ndinakalibwezera ndekha pansi pa bedi.