Chipewa Chimodzi cha Alamu Anga a Jenkins

Mukafunsa lero za a Jenkins Mkwanda m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira, achikulire adzakufunsani kuti, "A Zimbudzi aja?" Ndi omwewo. Anali alangizi a zaumoyo. Ntchito yawo inali kuzungulira kuseri kwa nyumba za anthu kuona ngati kuli chimbudzi, kuthira mankhwala m'zitsime ndi kukalipira asodzi odzithandizira m'nyanja. Anakwatira mchemwali wanga Esime, ndiye ine monga mlamu ndinali ndi ufulu wowanyoza mmene ndafunira, ndipo tsiku silinkapita osawanyoza.

Zowanyozera zinalipo zambiri. Munthu wobadwira pagombe, mwana wa msodzi, koma akangoponda m'bwato chizungulire, kusanza mpaka anzake kumubweza kumtunda. Bambo awo ataona kuti pamenepa palibe msodzi anawakankhira kusukulu ya mishoni. Kutchalitchi kwathu kwa Angilikani ankaimba besi, mawu aakulu otuluka m'kathupi kochepa ngati ka mwana wa Sitandade 8. Mowa sankamwa, ndewu sankaidziwa. Cholakwa chawo chinali chimodzi, akagwira mfundo sankaitaya.

Chaka chimene matenda otsekula m'mimba anavuta kumadoko, ku ofesi anawapatsa njinga yamoto, mthuthuthu wofiira, pamodzi ndi chipewa choyera cholimba chomangira lamba kunsi kwa chibwano. Azungu amati helemeti, ife tinkati mphika. Anzawo ena amene analandira njinga zotere zipewa zawo anazisiya kunyumba, wina mpaka nkhuku inkaikira mazira m'menemo. Alamu anga ayi. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ankafika pabawo thukuta lili chuchuchu kuchokera mumphikamo.

"Alamu, zapsa kodi? Tiphule?" ndinkawafunsa.

"Sekani, alamu," ankayankha akumasula lamba. "Mwendo ukathyoka amamanga chikhakha. Nanga mutu mudzaumanga ndi chiyani? Chikhala kwa ine, boma likanaika lamulo. Aliyense wokwera njinga yamoto avale, woyendetsa ndi wonyamulidwa yemwe. Wokana amulande njinga."

Pamenepo bawo inkaima. Ena ankati malamulo achuluka kale, tsitsi lalitali n'loletsedwa, mkazi kuvala thalauza n'koletsedwa, kumsika sulowa wopanda khadi la chipani, ndiye afike mpaka pamutu? Ena ankati imfa sithawika, tsiku lako likakwana ngakhale uvale mtondo umapita basi. Kaya lamulolo linalipo m'mabuku a kulikulu, ife kuno sitinalimvepo, ndipo palibe amene ankaimitsidwa chifukwa cha mutu wapamtunda. Ine ndinali m'gulu la oseka.

Vuto la a Jenkins linali loti chipewacho chinali chimodzi, mitu iwiri. Lamulungu ndi masiku opita kuboma ankanyamula Esime, iye atakhala cham'mbali miyendo yonse mbali imodzi, monga ankakhalira azimayi onse chifukwa cha chitenje. Mkhalidwe umenewo njinga ikangogwedezeka munthu amagwa chagada. Alamu anafunafuna chipewa china m'masitolo a pa Mangochi, osachipeza. Wasitolo wina anawauza kuti sangaode katundu amene palibe womufuna. Ku ofesi anati njinga imodzi, chipewa chimodzi.

"Mwaona, alamu?" anandiuza. "Likanakhala lamulo, bwenzi zili mbwee m'masitolo ngati machesi."

Ndiye anagamula okha. Esime akakwera, chipewa n'cha Esime. Ankamuveka pamwamba pa duku, n'kumumanga lamba ndi manja awo, iwo n'kuyendetsa mutu uli pamtunda. Mudzi wonse unkaseka. Ankati a Zimbudzi anadyetsedwa mankhwala, mpaka mphika alanda ndi mayi. Esime ankachita manyazi, ankadandaula kuti chimamulemera ndipo samva bwino zolankhula. Iwo ankangoti, "Valani, mayi, osekawo sadzakupatsani mutu wina."

Anakhala zaka zingapo opanda mwana. Pamene Esime anaima, alamu anga ankayenda ngati akwezedwa pantchito. Tsiku lake litafika, matenda anayamba m'mawa. Azamba a m'mudzi anayesa, kenako anatuluka n'kunena kuti mwana wakhala mopingasa ndipo magazi ayamba kutayika, athamangire naye kuchipatala cha mishoni. Galimoto msewu umenewo inkadutsa mwa apo ndi apo. Anamukweza panjinga, anamuveka chipewa, anamumangirira kumsana kwa a Jenkins ndi chitenje kuti asagwe, ulendo. Ine ndinali kunyanja. Zotsatirazi anandiuza Esime yemwe ndi mayi wina wachikulire wa m'mudzi umene zinachitikira, Che Subira, amene anaona ndi maso.

Pakati pa ulendo anapeza nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu. Maliro. Aliyense amadziwa mwambo wake: wa panjinga amatsika n'kukankha, wa chipewa amavula, mpaka atadutsa nthambi za mbali inayo. A Jenkins mwambo umenewu ankausunga kuposa tonse, ankazimitsa injini patali. Koma tsiku limenelo akanatsika bwanji, munthu womangirirana ndi mayi wotaya magazi? Anachepetsa liwiro mpaka ngati munthu woyenda pansi, akuweramitsa mutu, akunena kuti, "Pepani, pepani, ndili ndi matenda."

Tsoka silinunkha. Womwalirayo anali wapampando wa chipani m'deralo, ndipo mumsewu munadzaza anyamata a chipani, ena atanyamula makasu ochokera nawo kumanda, ena fungo la kachasu lili guu. Mmodzi wamtali anaima kutsogolo.

"Iwe! Tsika! Sukuona masamba?"

"Achimwene, pepani, mayiwa ali pakati pa moyo ndi imfa. Ndidzabwera kudzapepesa."

"Ndiye mkazi wakoyo adutse pamaliro a bwana atavala chipewa? Akunyoza ndani? Vula!"

Esime akuti anayesa kumasula lamba koma zala zinalibe mphamvu. A Jenkins anamugwira dzanja kuti asavule, n'kuwonjezera moto pang'ono kuti azembe cham'mbali. Sanapite patali. Mnyamata wina analowetsa mpini wa khasu m'masipoko a tayala lakutsogolo.

Njinga inadzuka kumbuyo ngati bulu. Chitenje chinaduka. Esime anaponyedwa chagada, mutu n'kukamenya pamiyala ya m'mbali mwa kalavati, phwaa! Chipewa chinang'ambika kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. A Jenkins anagwera pamiyala yomweyo, mutu wopanda kanthu. Che Subira akuti phokoso lake linali ngati dzungu lagwa kuchokera padenga.

Mukuganiza kuti anyamata aja anaima ataona magazi? Anawaunjikira. Wina chidendene m'nthiti, wina mpini kumsana, wina akukuwa kuti, "Galu wonyoza chipani! Aphunzire!" Alamu anga anayesa kukwawira kumene kunali mkazi wawo, magazi akutuluka m'khutu ndi m'mphuno, wamtali uja n'kuwaponda dzanja mpaka zala kuthyoka. Kenako anawamenya ndi mpini pamutu pomwe panali bala kale. Atatero anasiya kukwawa. Anthu a pamaliro anangoti chilili, aliyense kuopa kuti akalankhula mawa ndi iye.

Amene anadula ndewuyo ndi Che Subira. Anathamanga n'kukadzigwetsa pa Esime, akukuwa m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe. "Mwapha! Mwapha anthu atatu pamaliro a munthu mmodzi! Bwerani mundiphe inenso, ana opanda mwambo inu!" Azimayi ena analimba mtima n'kuyamba kulira mokweza, anyamata aja n'kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Lole ya nsomba yochokera ku Makanjira ndi imene inawatola onse awiri, kuwagoneka pamwamba pa madengu a usipa.

Nditafika kuchipatala madzulo ndinapeza Esime amuchita opaleshoni, mwana wamkazi ali moyo. Mchemwali wanga anali ndi chotupa pamutu ndi mikwingwirima m'manja, basi. Alamu anga sindinawazindikire. Mutu unatupa, maso osaoneka, milomo yong'ambika. Ndinaima pamenepo ndikulakalaka nditatenga nkhwangwa n'kupita kumudzi uja. Sindinapite. Nkhaniyo inatchedwa ngozi ya pamsewu, ndipo masiku amenewo wotsutsa zotere ankasowa osadziwika kumene wapita. Wamtali uja anakalamba bwinobwino, ndinkakumana naye pamsika akugulitsa fodya.

Pali anthu amene mpaka lero amandiuza kuti chipewa sichikanaletsa mpini. Zoona, sichikanaletsa. Koma ine ndinaona mitu iwiri imene inamenya miyala imodzimodzi tsiku limodzi, ndiye munthu asandiuze za tsiku lokwana. Lamulo limene a Jenkins ankalilira pabawo lija ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, ndipo ndikaona mnyamata akuthamangitsa njinga mkazi ndi mwana kumbuyo mitu ili pamtunda, ndimatukwana mokweza ngakhale ndili pafupi ndi tchalitchi.

A Jenkins sanafe. Anadzuka patapita masabata, anaphunziranso kuyenda, kukoka mwendo umodzi. Ntchito inatha, njinga a ku ofesi anabwera kudzaitenga. Nyimbo za kwaya ankazikumbukira zonse, mawu ndi mawu, koma anthu anawaiwala. Ine ankanditcha "bambo", Esime ankamupatsa moni waulemu ngati mlendo wodzapempha madzi. Masiku ena mutu ukawawa ankalusa, munthu amene sanamenyepo ngakhale galu, kuswa mbale, kugubuduza mitsuko, mpaka tinkachita kuwagwira amuna awiri. Ukali ukatha ankakhala pakhonde n'kumalira osadziwa chimene akulirira.

Abale anamuuza Esime kuti akadali mtsikana, awabweze kwawo akwatiwenso. Anakana. Anawasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa zaka khumi ndi chimodzi, akulima yekha ndi kuyanika nsomba za anthu. Mwana uja tinamutcha Ruti. Anakula akudziwa kuti bambo ake ndi awo ali pakhondewo, ndipo tsiku lililonse akaweruka kusukulu ankagwada pafupi nawo kuwapatsa moni.

Sabata imene a Jenkins anamwalira ndinali pomwepo. Anali atagona pamkeka, atafooka kwambiri. Ruti anabwera ndi madzi m'kapu, n'kuwadzutsa mutu kuti amwe. Anamwa, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumwetulira. Kenako anatembenukira kwa Esime.

"Mayi, mwana waulemu chonchi ndi wa ndani?"

Esime anali atayankha funso limenelo kambirimbiri, koma anayankhanso mofatsa ngati akulimva koyamba.

"Ndi wanu, bambo."

"Wanga?" anatero a Jenkins. "Ayi, mayi, mwandisokoneza ndi wina. Wanga sanabadwe. Tikupita kuchipatala."