Chigoba cha fodya cha abambo chapezeka

Mwaswera bwanji nonse?

Lero tikusasula denga la amayi kuno kwa Maganga kuti tikhome malata, mu udzu mwagwa chigoba cha chipolopolo. Ine mantha, ndimati chiphulika, moti ndinangotsala pang'ono kukachiponya m'chimbudzi. Amayi andigwira mkono: "Iwe Esinati, chimenecho n'cha malemu bambo ako, ankasungiramo fodya wa m'mphuno!"

Aneba athu a Mbewe, amene anapuma usilikali aja, achiyang'ana n'kutiuza kuti chinawombedwa kalekale, chilibe vuto. Achikwecha kunsi ndi ndimu, ndiye paoneka zilembo ndi manambala awiri. Akuti zilembozo n'za fakitale, pamene manambalawo ndi chaka chimene chinapangidwa.

Chakacho ndi chimene munabadwa inu achimwene a Yohane! Amayi aseka mpaka misozi: "Chaka chimenecho bambo anu anapita ku usilikali, ine kundisiya ndili ndi pakati." Kenako achotsa kamtengo kotsekera, anunkhiza, akuti fodya uja akumvekabe.

Ndiye mukuti bwanji abale, tichitumize kwa achimwene, poti ndi mnzawo wobadwa nawo chaka chimodzi? Koma muyankhe msanga, amayi achimangirira kale pansonga ya chitenje.