Tsiku Limene Amayi Analowa M'paki ndi Khasu

Mundikhululukire, inu owerenga, poti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ku Malama, kumene tinkapita wapansi, ndipo ndinalekezera giredi naini. Kwathu timalankhula Chikunda. Chinyanja ndinachiphunzira m'kalasi ndi kutchalitchi, choncho pamene ndapotoza mungondiwongolera mumtima. Ngakhale mawu a amayi anga amene muwapeze muno ndachita kuwatembenuza kuchokera m'Chikunda. Chandikakamiza n'chakuti pali malo amene anthu amawoloka nyanja kudzawaona, pamene ife eni dziko timangowalambalala. Ndinena za malo amodzi otere, ndi mmene amayi anga anawaonera.

Nditakula ndinapeza ntchito pa kampu ina ya alendo cha ku Nkwali, m'mbali mwa Luangwa. Ndinali wochapa ndi kusita: nsalu za pabedi, matawulo, ndi malaya a alendo amene ankabwera atafiira ndi fumbi. Zingwe zathu zoyanikira zinali kuseri kwa khitchini, ndipo ukaima pamenepo unkaona mtsinje wonse, ndi paki ya nyama zakutchire kutsidya. M'pakimo ndinalowamo koyamba tsiku limene ananditenga kuti ndikatule nsalu ku kakampu kena ka m'tchire. Ndinabwerako kukamwa kuli yasa. Ndinakulira m'chigwa chomwechi, koma sindinkadziwa kuti mbidzi zimatha kuima pafupi ndi munthu osathawa, kapena kuti pansi pa mitengo ya mchenja pamakhala poyera ngati pasesedwa. Ndinaikonda ntchito yanga chifukwa cha tsidya lija.

Amayi sankaikonda. Kwa iwo nyama ya m'tchire ndi mdani wa munda, ndipo mdani wamkulu ndi njovu. Chaka china njovu zinadya chimanga chathu chitangoyamba kukhwima. Chaka chinanso zinagwetsa nkhokwe n'kupondereza zimene sizinadye. Kuyambira pamenepo amayi ankasunga khasu lakale lopanda mpini ndi kachitsulo kolimenyera. Njovu zikamveka kumunda, ankaliza khasulo ndi kukuwa, anzawo n'kumalandiza ndi zitini mpaka njovu zitabwerera. Kwathu umu ndi mmene timapirikitsira njovu, ndipo mwana amaphunzira zimenezi asanadziwe kuwerenga.

Nditapita kukawaona m'nyengo yogulitsa thonje, anandikhazika pamphasa.

"Iwe, anthu akundiseka kuchitsime. Akuti mwana wanga amachapira anthu obwera kudzagwadira njovu."

"Sagwada, amayi. Amangojambula."

"Kujambula mbala? Mvula yoyamba ikagwa ndikuone pano. Munda ulipo, alamu ako akupatsa mbali ya kumtsinje."

Ndinati inde, chifukwa sindinawakanepo kanthu. Koma kukampu a manijala anali atandifunsa kale ngati ndidzakhale mpaka dzinja lonse, ndipo nakonso ndinali nditavomera. Ndinkasita malaya mtima uli pawiri.

Mwezi wotentha uja wa Okutobala, a manijala analengeza kuti pa tsiku la Ufulu galimoto imodzi idzatenga abale a antchito kukaona nyama, aliyense mbale mmodzi. Ndinaimbira foni mlongo wanga kuti awapatse amayi.

"Njovu ndikaionerenji ine?" anatero amayi. "Imabwera yokha kudzandiona."

Ndinachonderera mmene ndikanathera. Kenako anati, "Chabwino, ndibwera. Koma pobwerera tibwerera limodzi. Ulongedzeretu."

Ndinalongedzadi chikwama n'kuchiika pansi pa bedi.

Amayi anafika dzulo lake pa njinga yamoto, fumbi lili mpaka m'nsidze, ndipo anagona kwa msuweni wathu ku Mfuwe. M'mawa kutangocha anali atafika pakampu, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. M'khwapa anali ndi kamtolo kokulunga m'nsalu. Ndinaganiza kuti ndi mbatata kapena mtedza wa panjira, ndipo ndinachita manyazi kufunsa.

Woyendetsa galimoto anali gaidi wamkulu wa pakampu, woonetsa alendo nyama, bambo wodekha amene ankalankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anavula chipewa.

"Muli bwanji, amayi? Mwana wanuyu amatisitira bwino, onani malayawa."

"Tili bwino, kaya inu, a dalaivala. Kusita anaphunzira kuno. Kwathu amadziwa kulima."

Akazi a khukhi wotiphikira pakampu, mayi wanthabwala amene anakhala kumbuyo kwathu, anaseka mpaka kugwira mpando. A gaidi anatiuza malamulo: osaimirira, osatulutsa dzanja, osakuwa, nyama ikayandikira kungokhala phee. Amayi anagwedeza mutu, koma ndikuganiza kuti lamulo lomalizalo analiona ngati la ana.

Pamlatho wa Luangwa tinaima. Madzi anali ataphwa kwambiri, ndipo mvuu zinaunjikana pa dziwe limodzi ngati miyala yonyowa, zikufwenthera ndi kukankhana. Ng'ona inagona pamchenga kukamwa kuli pululu. Dzuwa linali likutuluka kumene, mtsinje wonse utafiira. Amayi anayang'ana nthawi yaitali.

Titalowa mkati tinapeza nswala zambirimbiri pansi pa mitengo, zikudya osatilabadira n'komwe.

"A dalaivala," anatero amayi, "ndiwo zonsezi zilibe mwini?"

"Mwini wake ndi inu ndi ine, amayi. Koma n'zodyera m'maso."

"M'maso simukhuta."

"Mukhuta lero," anayankha akazi a khukhi. "Ine ndabwera ndi mchere womwe."

Nyamalikiti inawagonjetsa msanga. Inatulukira kuseri kwa mtengo wa mvunguti, n'kudutsa msewu pang'onopang'ono, khosi likuwerama ndi kuweramuka. Amayi anaiwala lamulo n'kufuna kuimirira, ine n'kuwagwira chitenje. "Taonani kayendedwe, ngati mkwatibwi," ananong'ona. Pagombe lina tinaona mbalame zofiira zimene zimaboola zisa m'dothi la m'mphepete mwa mtsinje. Zinkatuluka m'mauna onse nthawi imodzi, gombe lonse n'kuoneka ngati layaka. Ndinkangoba kuyang'ana nkhope ya amayi, ndipo ndinayamba kulimba mtima.

Kenako tinakhota pa chitsamba china n'kupeza njovu yaimuna itaima m'mbali mwa msewu, ikuthyola nthambi. Patsogolo panali galimoto ya kampu ina, alendo atakweza makamera awo, onse ali chete. A gaidi athu anazimitsa injini. Njovuyo inatembenuka n'kuyamba kuyenda molunjika kumene tinali, mosafulumira, ikungodutsa.

Ndinamva nsalu ikumasulidwa pambali panga. Ndisanazindikire, khasu lija linalira. Ngwee! Ngwee! Ngwee! Amayi anali atalikweza m'mwamba, akulimenya ndi kachitsulo kaja, akukuwa m'Chikunda monga amachitira kumunda: "Choka! Choka, mbala iwe!"

Njovu inadzidzimuka, n'kutambasula makutu, n'kulira mpaka galimoto inanjenjemera. Akazi a khukhi anagwera pansi pa mpando akuitana Mulungu. A gaidi analiza injini n'kubwerera chambuyo pang'onopang'ono, maso ali pa njovu. Iyo inapukusa mutu, n'kutembenuka, n'kulowa m'tchire mchira uli m'mwamba. Alendo a m'galimoto ina ija anatembenuzira makamera kwa ife.

Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike. Ndinaganiza kuti ntchito yatha basi, ndipo chikwama chija sindinalongedze pachabe. Amayi okha ndiwo anali okondwa.

"Mwaona? Yathawa. Inu mumangoiyang'ana, n'chifukwa chake yakuzolowerani."

A gaidi anaimitsa galimoto pamthunzi n'kutembenuka. Sanakalipe. Anapukuta thukuta n'kumwetulira.

"Amayi, khasu limenelo ndikulidziwa. Amayi anga ali nalo lawo. Koma ndifunseko, munda uno ndi wa yani?"

Amayi anayang'ana uku ndi uku.

"Palibe munda pano."

"Ulipo. Nthambi zija n'chimanga chake. Lero olowa m'munda wa eni ndife."

"Ndiye ndingokhala mpaka indiponde?"

"Khasu musunge, sindikulandani. Ikagwira galimoto ndi chitamba, mulize, inenso ndikuthandizani kukuwa. Koma isanagwire, tiyeni tione chimene ikuchita."

"Mwanawe, dalaivala wakoyu ndi wochenjera pakamwa," anatero amayi kwa ine. Koma khasu analitsitsa n'kuliika pamiyendo, kachitsulo kali m'dzanja.

Dzuwa litakwera tinafika pa kamtsinje kouma kamene kamathira mu Luangwa. Munalibe madzi ngakhale dontho, mchenga wokhawokha woyera. Pakati pake panaima njovu yaikazi ndi kamwana kake, ndi zina ziwiri chapatali. A gaidi anazimitsa injini pagombe. Ndinaona dzanja la amayi likulimba pa kachitsulo.

Njovu ija inali kukumba. Inkapalasa mchenga ndi phazi, kenako n'kulowetsa chitamba, n'kutapa mchenga wonyowa, n'kuutaya pambali. Inachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka dzenje linazama. Kenako inaleka n'kungoima. Kamwana kanathamangira kudzenje, mayi wake n'kukakankha ndi mwendo. Kanabweranso, n'kukankhidwanso.

"Ikudikira kuti madzi adikhe," ananong'ona amayi. Sankauza munthu aliyense.

Kwathu mtsinje ukauma, amayi ndi anzawo amafukula mchenga chimodzimodzi. Amakumba ndi mbale, n'kutaya madzi oyamba amatope, n'kukhala pansi kudikira kuti oyera asefukire. Ndili mwana ndinkafulumira kuviikamo chikho, amayi n'kundimenya padzanja. Ndinadziwa kuti nawonso akukumbukira zomwezo, chifukwa anandiyang'ana pang'ono n'kuseka ndi mphuno.

Patapita nthawi njovu inatunga madzi ndi chitamba, n'kuwapemerera pambali. Inatunganso, n'kumwa. Kenako inasuntha, kamwana n'kugwada ndi miyendo yakutsogolo, n'kulowetsa mutu wonse m'dzenje poti chitamba chake chinali chisanadziwe ntchito. Kanadzuka nkhope yonse ili mchenga. Akazi a khukhi anatseka pakamwa ndi chitenje kuti asaseke mokweza.

Zitatha kumwa zinakwera gombe pafupi ndi ife, pafupi moti ndinamva kupuma kwa mayi uja ndi kuona nsidze zake. Inaima, n'kutiyang'ana. Khasu linali pamiyendo pa amayi, kachitsulo kali m'dzanja. Silinalire. Njovu inadutsa, kamwana kakuthamangira pansi pa mimba yake. Kumbuyo, nswala ndi anyani zinatsikira ku dzenje lija kukamwa madzi otsala.

"Nayonso imavutika ndi chilimwe," anatero amayi patapita kanthawi. Anakulunga khasu m'nsalu yake n'kuliika pansi pa mpando.

Pobwerera anafunsa mafunso ambiri kuposa tonse: dzina la mbalame iyi, chifukwa chimene njati zimayang'anira munthu choncho, ngati mkango umabwera pamsewu. A gaidi anatikwezanso pa kaphiri kena kamene ukaimapo umaona chigwa chonse, mitengo ya tsanya mpaka kumapiri, ndi Luangwa akukhotakhota pakati. Amayi anafunsa kuti ku Malama ndi kuti. Atawalozera, anati, "Pafupi chonchi, ine n'kukalamba osafikako kuno."

Mawu amenewo ndiwo andilembetsa. Ku mathithi a ku Livingstone sindinafikeko, choncho sindinganene za kumeneko, ngakhale alendo amakutamanda. Ndinafikako ku mishoni ya Msoro, kumene kuli tchalitchi chakale ndi minda ya thonje yoyera mbee nthawi yokolola, ndipo nakonso n'koyenera kukuona. Koma ngati muli m'dziko lino ndipo simunawoloke mlatho wa Luangwa m'mawa wa chilimwe, yesetsani mudzafike. Mudzabwere ndi makolo anu. Mudzangoyamba mwafunsa chimene akulunga m'nsalu.

Titafika pakampu ndinapita kwa a gaidi kukapepesa. Iwo anangondigwira paphewa n'kunena kuti ulendo wotere sadzauiwala. Amayi anapempha kuona pamene ndimagwirira ntchito. Ndinawaonetsa mabeseni, simbi, ndi zingwe zimene nsalu zoyera zinali kuuluzika ndi mphepo. Anagwira nsalu imodzi, n'kuinunkhiza, kenako n'kuima kuyang'ana kutsidya.

"Chikwama chako chili kuti?"

"Ndalongedza, amayi. Chili pansi pa bedi."

"Kamasule."

Ndinawayang'ana kumaso, poopa kuti ndamva molakwa.

"Ndati kamasule, wagontha? Mbali ya kumtsinje alima alamu ako. A kuchitsime ndikawauza ndekha zimene ndaona. Koma uwauze a dalaivala ako awauze anzawo a zitamba aja kuti iwo kwawo, ine kwanga. Akadzabwera ku chimanga changa, khasu lilipo."

Njinga yamoto itabwera kudzawatenga, anakwera, kamtolo kali m'khwapa. Ine ndinalowa m'chipinda n'kutulutsa zovala m'chikwama. Nkhani ya kubwerera kumudzi inathera pamenepo, pa tsiku la Ufulu, pa 24 Okutobala.