Yankho la Keziah Holroyd padoko la Sydney

Keziah Holroyd anabadwira ku Bradford, ndipo anayamba kupota ulusi wa ubweya wa nkhosa m'fakitale ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Atakula anakwatiwa ndi Enoch, mnyamata woomba nsalu. Chaka chimene fakitale inachotsa anthu ntchito, Keziah anaba nsalu kuti akagulitse. Woweruza sanachedwe nazo: zaka khumi ndi zinayi kutsidya kwa nyanja. Anakwera chombo mu 1831 ali woyembekezera, Enoch osadziwa n'komwe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti afike ku Sydney, Biddy Noonan, mkaidi wa ku Ireland amene ankagona naye bedi limodzi, anamukokera pakona.

"Iwe, mawa mlembi akakufunsa, unene kuti mwamuna wako anamwalira. Wamva?"

"Koma Enoch ali moyo, Biddy."

"Ali moyo kuti? Ukumuona pano? Tonse m'chombo muno amuna athu afa sabata yomwe ino. Wanga ndamupha kawiri. Usachite chibwana, mwanawe."

Koma Keziah anakulira m'tchalitchi, ndipo bodza linkamukanika. Mlembi atafunsa padoko, iye anati, "Ndine wokwatiwa, bwana." Mlembiyo analemba osadzutsa n'komwe mutu. Ine ndaonapo anthu ambiri akukwapulidwa chifukwa cha bodza, koma munthu wolangidwa chonchi chifukwa chonena zoona sindinamuonepo.

Anamutumiza kunyumba ya akaidi achikazi ku Parramatta, ndipo kumeneko anabereka mwana wamkazi, Dinah. Ankachapa zovala za asilikali mwanayo ali m'dengu pambali pake. Lamulo aliyense ankalidziwa: mwana akakwanitsa zaka zitatu amapita kunyumba ya ana amasiye, ngakhale mayi ake ali moyo. Dinah anatengedwa pangolo Lachiwiri lina m'mawa. Keziah analira mpaka mawu anasasa.

Njira yachidule yokatengera mwana inali imodzi yokha: kukwatiwa ndi mwamuna womasuka, kutuluka, n'kukamupempha. Ndipo amuna ankabweradi. Alimi ankafika ndi kalata ya m'busa, akazi n'kuimikidwa pamzere pabwalo. Mwamuna ankawayendera ngati akusankha ng'ombe pamsika, ndipo akakhutira ankagwetsa mpango pamapazi pa mkaziyo. Mkazi akautola, nkhani yatha.

Titus Cragg anali atamaliza chilango chake n'kupeza kamunda. Mano akutsogolo analibe. Anagwetsa mpango wake kwa Keziah, koma Keziah sanautole msanga.

"Ndili ndi mwana, bambo."

"Amadya kwambiri?"

"Ayi, pang'ono pokha."

"Ndiye tolani, mayi. Ine msana sulola kuwerama kawiri."

Akazi pamzere anaseka, Keziah anatola mpangowo. Masiku amenewo ankaimba uku akuchapa.

Patapita masabata atatu pempho lawo la ukwati linabwerako ku Sydney litakanidwa. M'busa anamuuza chifukwa chake: m'buku la chombo munalembedwa kuti ndi wokwatiwa. Abweretse umboni woti Enoch anamwalira, apo ayi adikire zikwane zaka zisanu ndi ziwiri chisiyanirane naye. Keziah anapempha anthu kuti amulembere makalata awiri opita ku Bradford, koma yankho silinabwere. Titus anadikira mpaka nyengo yometa nkhosa, kenako anabwera ndi mpango wina n'kuugwetsera mkazi wina. Sindimuimba mlandu, munthuyo anali yekhayekha ndi nkhosa mazana awiri. Biddy, wamasiye wabodza uja, anali atakwatiwa kalekale.

Apa Keziah anatayirira. Anayamba kumwa, ndipo tsiku lina anamenya woyang'anira akaidi ndi chovala chonyowa kumaso. Anamumeta mpala n'kumutsekera kwayekha. Zaka zisanu ndi ziwiri zija zinakwana, koma palibe mwamuna amene ankaima patsogolo pa mkazi wa mbiri yoteroyo. Chiphaso chomulola kukadzigwirira ntchito kunja anachilandira mu 1842, Dinah ali ndi zaka khumi.

Tsiku lomwelo anayenda wapansi mpaka kunyumba ya ana amasiye, atavala diresi yobwereka. Anamubweretsera kamtsikana kowonda, kovala epuloni yoyera. Kanapinda mawondo monga anakaphunzitsira, n'kutambasula manja kuti mlendo aone kuti zikhadabo n'zoyera.

"Ndimadziwa kuchapa, kusoka ndi kukolopa, dona. Sindidwaladwala."

Mwanayo ankaganiza kuti kwabwera munthu wofuna wantchito. Keziah anagwada n'kugwira timanjato.

"Ndine mayi ako, Dinah."

"Chabwino, dona."

Anamutengadi. Anakakhala ku Windsor m'kanyumba ka zipinda ziwiri, akuchapira anthu zovala, ndipo anakhala limodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Dinah anali mwana womvera, sanayankhepo mwamwano, ndipo mayi ake atadwala anawasamala usana ndi usiku. Koma mpaka Keziah anamwalira mu 1868, Dinah sanakhalepo pampando m'nyumba imeneyo mayi ake asanamuuze kuti akhale.