Mkamwini wa m'Ngalawa

Kwathu ku Kamwendo mu Juni munthu amadzuka zala zitauma ndi chisanu. Ndiye ponyamuka kukalondola mkazi wanga ku Likoma, masankho achiwiri a matipate atangotha, ndinagula bulangete latsopano loti ndikamunyengerere nalo. Nzeru za munthu wa kumtunda zimenezo. Pachilumbapo ndinapeza anthu akufunda chitenje chokha, masana thukuta lili kamukamu.

Mkaziyo ndinadziwana naye pa esiteti ya fodya pamene bambo ake ankagwira utenanti. Iwo atatopa n'kubwerera kwawo, iye anapita kukawaona, osabwerakonso.

Apongozi anandilandira bwino ndithu, mpando, madzi akumwa. Koma atafunsa kuti ankhoswe ali kuti, ndinaulula kuti ndabwera ndekha. Amalume, omwe ndiwo ankhoswe anga, anali atakana: iwo zokwera pamadzi ayi, ngakhale mlatho wa Bua amawoloka atatsinzina.

"Nkhani ya banja sitikamba ndi mwini wake," anatero apongozi. "Kawatengeni. Ndipo m'nyumba muno simungagone isanathe."

Sitima ya pamadzi imene ndinabwera nayo inali itapita kale, komanso ine kubwerera chimanjamanja sindinafune. Amene anandisunga ndi bambo wina wa ngalawa ya matanga, yotuta nkhuni ku Mozambiki, yemwe mphepo ya mwera inali itamutsekereza padoko. Anati ndizigona m'ngalawamo bola ndizikapa madzi. Ine, mlimi wa munda wangawanga, tsiku lonse chiweramire ndi chigubu chodula.

Ngalawa siikhala phee ngati nyumba. Imagwedezeka ukamadya, imagwedezeka ukamagona, chingwe cha nangula chikungolira ngati chitseko chakale. Thanga lopinda ndilo linali mtsamiro wanga, fungo la usipa lokhalokha. M'mawa uliwonse ndinkasanza amayi otsuka mbale akundionerera. Ndinatopa, abale, kutopa kofika m'mafupa. Ndikatsika kukagula chinangwa pamsika wa Mbamba ndinkadzandira ngati woledzera, ndipo aliyense ankadziwa kuti uyo ndiye mkamwini wa m'ngalawa uja.

Tsiku lina masana mkazi wanga anabwera yekha, beseni la zovala lili pamutu. Analitula pamchenga, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kugwira m'mphepete mwa ngalawa. Ndinayamba kulakatula zimene ndinakonza m'njira, zoti fodya wayenda bwino chaka chino, zoti nyumba ndifolera ndi malata.

"Bambo," anandidula, "taonani manja angawa."

Ndinawaona. Kwathu manja amenewo ankakhala akuda ndi utomoni wa fodya, ong'alukang'aluka, nthawi zina akuchucha magazi posankha masamba m'chigafa kukuzizira. Tsopano anali osalala. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo ali chonchi.

"Amalume anu asavutike ndi ulendo," anatero. "Inu simunandilakwire chilichonse. Koma kumunda kuja ine sindibwererako."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinasowa poyambira, chifukwa manjawo ndinali nditadzionera ndekha.